MLONGOTI WOONGOKA: Mmene Apaulendo a ku America Apangira Coimikapo Dishi



Nkhani ya madzulo ano icokera ku dziko la America. Inena za kanchito ka manja kamene mmisiri ali yense wodziwa kugwira sipanala angathe kukatsiriza tsiku limodzi Loweruka, koma kamene kasautsa anthu ambiri cifukwa ca kanthu kamodzi kakang'ono kamene akaiwala pofulumira.

M'dziko limenelo muli anthu ambiri okhala ndi galimoto zomangidwa ngati nyumba. M'kati mwace muli kama, mbaula, thanki ya madzi, cimbudzi ndi magetsi. Zina ziyenda zokha monga basi, zina zikokedwa pambuyo monga kalavani. Eni ace azicha RV. Ena atuluka nazo masiku opumula okha, koma okalamba ambiri amene anapuma pa nchito akhalamo miyezi yambiri. Kuzizira kukayamba kumpoto, iwo atsikira kumwera. Kamudzi ka Quartzsite m'cipululu ca Arizona, kamene nzika zace sizifika 4,000, kadzaza ndi galimoto zotere zikwizikwi mwezi wa January, ndipo zambiri zimanga misasa pa dziko la boma, kumene kulibe nthambo ya magetsi kapena ya televizioni.

Tsono munthu wokhala m'cipululu miyezi itatu afuna kumva nkhani za dziko, kupenya mpira, ndi kudziwa ngati kulikudza namondwe. Nsanja za televizioni ziri kutali, kuseri kwa mapiri. Njira yotsala ndiyo kulandira zithunzi zocokera ku setilaiti ndi dishi yonga imene omvera aiona pa nyumba za ku Kitwe ndi Lusaka. Kusiyana kwace ndi uku: dishi ya panyumba imangidwa kamodzi ndi mmisiri, nikhala pakhoma pomwepo zaka zambiri; dishi ya wapaulendo imasulidwa ndi kumangidwanso pa msasa uli wonse, lero pa mcenga, mawa pa miyala, ndipo mmisiri wace ndiye mwini wace yemwe.

CIMENE DISHI IPENYA

M'caka ca 1945 Mngelezi wina, Arthur C. Clarke, analemba m'magazini ya Wireless World kuti makina oikidwa pa mtunda woyenera pamwamba pa Ikweta angazungulire dziko kamodzi pa nthawi yomweyo imene dziko litembenuka kamodzi, ndi kutinso makina otere angathe kumwaza mau a wailesi ku maiko ambiri. Mtunda umenewo ndi makilomita 35,786. Kwa munthu woima pansi, makinawo aoneka ngati akhomedwa ndi msomali pa thambo. Setilaiti yoyamba kukhala motero inali Syncom 3, imene m'caka ca 1964 inatumiza ku America zithunzi za masewera a Olympic ocitikira ku Tokyo. Mu 1975 kampani ya HBO inatumiza pa setilaiti nkhonya za Muhammad Ali ndi Joe Frazier za ku Manila, ndipo caka cotsatira mphunzitsi wa ku Stanford University, Taylor Howard, anadzipangira dishi yaikuru kunyumba kwace, nayamba kulandira zithunzi za kampaniyo.

Madishi a masiku amenewo anali a mamita atatu kapena kupyola, osatheka kuyenda nao. Zinthu zinasintha mu 1994 pamene DirecTV inayamba kugwiritsa nchito dishi ya mainchi 18, ndiwo masentimita 46, yolingana ndi licero. Dish Network inatsata mu 1996. Kuyambira pamenepo apaulendo anayamba kuponya dishi m'galimoto pamodzi ndi miphika.

Wina angafunse kuti, bwanji osaimanga pa denga la galimoto? Yankho lace ndi mitengo. Mphamvu yofika kucokera kutali kotero ndi yofoka ndithu, ndipo masamba a mtengo umodzi akwanira kuichinga. Wapaulendo afuna kuimika galimoto yace pamthunzi, koma dishi ifuna poyera. Coimikapo conyamulika cithetsa mkangano umenewu: galimoto ikhala pansi pa mtengo, dishi ipita mamita 20 kapena 30 kumene thambo lioneka. M'masitolo muli makina a makampani monga Winegard amene afuna okha setilaiti, koma mtengo wace ndi madola mazana angapo. Cifukwa cace ambiri apanga coimikapo cao ndi zitsulo zotsala.

CIFUKWA CACE MLONGOTI UYENERA KUONGOKA

Polunjikitsa dishi pafunika miyeso itatu. Woyamba unena kumene dishi ipenye pozungulira, monga kampasi isonyezera. Waciwiri unena mmene ikwezere nkhope yace. Wacitatu unena mmene ipendekere cammbali, ndipo ufunika pa madishi olandira masetilaiti awiri kapena atatu nthawi imodzi. Mwini akalemba nambala ya positi ya dera limene ali, dikoda imuuza miyeso yonseyi.

Miyesoyo isintha ndi ulendo. Setilaiti zina za DirecTV ziri pa madigiri 101 kumadzulo. Munthu ali ku Minot m'cigawo ca North Dakota apenyetsa dishi yace kumwera kwenikweni, naikweza madigiri 35. Ku Quartzsite aikweza madigiri 48, naikhotetsera kum'mawa madigiri 23. Ku Brownsville, kumalire a Texas ndi Mexico, aikweza madigiri pafupifupi 60.

Pa citsulo cogwira dishi kumbuyo pali timizere tosonyeza madigiri a kukweza. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Timizere timeneti tinena zoona pokha ngati mlongoti umene dishi ikhalapo waima ciriri, wosapendama ndi pang'ono pomwe. Mlongoti wa mita imodzi ukapendama mamilimita 17 okha pamwamba pace, ndiko kunenepa kwa cala, wasokera digiri imodzi. Ndipo digiri imodzi pansi pano ndi makilomita opyola 600 kumwambako, pafupifupi ulendo wa Lusaka kunka ku Ndola ndi kubwerera. Dishi yaing'ono ikasokera madigiri awiri, theka la mphamvu latayika.

Bvuto lina liposa pamenepo. Pa mlongoti wopendama, munthu akamatembenuza dishi kucokera kumanzere kunka kumanja, nkhope yace ikwera ndi kutsika yokha. Motero ipitirira setilaiti camwamba kapena camunsi, mwini osadziwa. Iye atha maola awiri padzuwa, nayamba kunena dikoda kuti yafa, nthambo kuti yaduka, kampani kuti yamdyera ndalama, pamene colakwa ciri pansi pa mapazi ace. Akuru anati mmera mpoyamba. Coimikapo cabwino ndico cimene cilola mlongoti kuongoka msanga pa nthaka iri yonse, ndi kuusunga comweco mphepo ikaomba. Maonekedwe ndi utoto zidza pambuyo.

KAPANGIDWE KACE

Mai ali yense adziwa cifukwa cace mphika ukhala pa mafuwa atatu. Tebulo la miyendo inai ligwedezeka pansi pakakhala pokumbika, koma miyendo itatu igunda pansi yonse nthawi zonse. Coimikapo dishi citsata nzeru yomweyo.

Mmisiri ayamba ndi mlongoti. Madishi ang'ono a ku America apangidwa kuti alowe pa paipi ya inchi imodzi ndi magawo 5 a magawo 8, ndiwo mamilimita 41, poyesa kunja kwace. Mwai wace ndi wakuti mizati ya mipanda ya waya yogulitsidwa kumeneko iri ndi muyeso womwewo, ndipo cidutswa cace cipezeka mosabvuta. Dishi yaikuru ya DirecTV, yolandira setilaiti za pa madigiri 99, 101 ndi 103, ifuna paipi ya mainchi awiri. Wocenjera ayesa paipi ndi dzanja lace asanagule, pakuti mapaipi a madzi achedwa ndi muyeso wosiyana ndi kunenepa kwao kwa kunja. Paipi yocepa ilola dishi kugwedera ngakhale mabauti amangidwe cotani. Yonenepa silowa konse. Aidula masentimita 60 kufikira 90, naipala ndi tupa kuti pamwamba pakhale posalala.

Kenaka atenga citsulo caphanthiphanthi cokhuthala, naochererapo pakati kapaipi kafupi kolowetsamo mlongoti. Oocherera zitsulo a m'migodi adziwa kuti citsulo cikoka pozizira. Cifukwa cace ayamba wadontheza pang'ono mbali zinai, nayesa ndi sikweya, ndipo pokhapo atsiriza mzere wonse. Aboola kapaipiko pamodzi ndi mlongoti, napisamo bauti wopingasa kuti mlongoti usazungulire m'cisa cace.

Miyendo ndi zitsulo zitatu zangodya, ciri conse masentimita 70, zomangidwa ku citsulo capakati ndi mabauti kuti zimasulidwe kapena kupindidwa paulendo. Zitambasuka molingana monga phazi la nkhuku. Kunsonga kwa mwendo uli wonse aocherera nati, napisamo bauti wamtali wa mamilimita 12 woloza pansi. Mabauti atatu amenewa ndiwo mtima wa cipangizo conse: kupotokola mmodzi kukweza kapena kutsitsa mbali yace pang'onopang'ono, kufikira mlongoti utaongoka. Pansi pa bauti ali yense aika kathabwa kuti asamire mumcenga. Pambali pace aboola kabowo kokhomerapo cikhomo.

Wopanda makina oocherera angatenge thabwa la pulaiwudi la mamilimita 18, nalidula la ngodya zitatu, namanga mlongoti pakati ndi citsulo cozungulira ca mabowo cimene amisiri a mipope amangira naco paipi pansi. Mabauti atatu aja alowa m'ngodya zace. Thabwalo lifuna utoto mbali zonse, pakuti likanyowa lipindika, ndipo mlongoti upindika nalo.

Ziripo njira zina, iri yonse ndi cirema cace. Ena aimika paipi m'ndowa ya malita 19 nathiramo simenti. Imeneyo siigwa wamba, koma ilemera makilogalamu 40 kapena kupyola, ndipo kuiongola kwace ndi kungopisa timiyala pansi. Ena aocherera mlongoti pa citsulo cimene gudumu la galimoto lipondapo. Cigwira zolimba, koma dishi yabwereranso pansi pa mtengo uja. Ena amanga dishi pa makwerero a kumbuyo kwa galimoto, nazizwa kuti cithunzi ciduka nthawi zonse munthu akayenda m'katimo, pakuti galimoto ikhala pa masipuling'i.

MPHEPO

Anthu amene anakula akuona waya wa wailesi utapacikidwa pa nsungwi yaitali aganiza kuti dishi nayonso ifuna kukwezedwa. Si tero iai. Kwa cinthu cokhala makilomita 35,786 kumwamba, mita imodzi siionjeza kanthu. Kutalika kwa mlongoti kuthandiza mphepo yokha.

Mphepo yothamanga makilomita 60 pa ola ikankha dishi yaing'ono ndi mphamvu yonga kulemera kwa makilogalamu 4. Liwiro lace likawirikiza kawiri, mphamvu iwirikiza kanai. Dishi yaikuru ilandira kawiri kuposa pamenepo. Ndipo mphamvu yomweyo pa mlongoti wa mita imodzi igwetsa kawiri kuposa pa mlongoti wa theka la mita, monga mgwala wautali unyamula mwala umene waufupi ulephera. Cotero dishi ikhale pafupi ndi nthaka, malinga udzu ndi anthu odutsa asaichinge.

Colemetsa cabwino ndi cigubu ca madzi ca malita 20, cimene cilemera makilogalamu 20 cikadzala, koma ciyenda copanda kanthu pa mseu. Matumba odzaza mcenga wa pamalo pomwepo acita cimodzimodzi. Aziika pa miyendo, nakhoma zikhomo ngati nthaka ilola. Dishi siifunika kugwa kuti cithunzi cithawe. Kuseseleka kwa mwendo umodzi masentimita awiri kukwanira. Namondwe weniweni akamadza, wanzeru acotsa dishi naigoneka m'galimoto, pakuti dishi yopindika siongokanso, ndipo youluka ingathe kuswa zenera la mnansi kapena kupweteka mwana.

POFIKA PA MSASA

Nchito yoyamba ndi kusankha malo. Mtengo wa mamita 20 ufuna kuti dishi italikire mamita 29 ku Minot, mamita 18 ku Quartzsite, ndi mamita 12 okha ku Brownsville, pakuti kumwera setilaiti ikhala pamwamba koposa. Madishi amakono anyenga maso: nkhope yace ioneka ngati ipenya mtengo, pamene mphamvu idzera pamwamba pace madigiri pafupifupi 22. Munthu akhulupirire nambala, osati maso.

Kampasi nayo iri ndi mabodza ace awiri. Singano yace ikokedwa ndi citsulo, kotero woyesa aime mamita atatu kutali ndi galimoto ndi coimikapo comwe, nasankhe mtengo kapena phiri lakutali likhale cizindikiro. Ndiponso mpoto wa kampasi si mpoto wa mapu. Ku Seattle singano ipatukira kum'mawa madigiri pafupifupi 15, ku Maine ipatukira kumadzulo pafupifupi comweco. Woyenda dziko lonselo ayenera kudziwa ngati nambala imene wapatsidwa ndi ya kampasi kapena ya mapu.

Atatero aika coimikapo ndi zolemetsa zace, dishi isanakwere. Agunditsa levulo pa mlongoti mbali ya kumwera, napotokola mabauti. Agunditsanso mbali ya kum'mawa, napotokolanso. Abwerera ku mbali yoyamba, pakuti kukonza kwina kusokoneza kwina. Wopanda levulo amanga nati ku cingwe, nacilendeweretsa pambali pa mlongoti monga acitira omanga nyumba. Dishi ikakwera ayesanso, cifukwa kulemera kwace kukokera mlongoti kutsogolo.

Muyeso wa kukweza ndi wa kupendeka aumangiratu monga dikoda yanenera. Cotsala ndi kutembenuza kokha. Apa pafunika anthu awiri, ndipo pa misasa yambiri madzulo pamveka bambo ali panja kufuula kuti, "Nanga tsopano?" ndi mai pazenera kuyankha kuti, "Palibe. Bwererani pang'ono. Basi, pomwepo, musakhudzenso!" Dikoda icedwa masekondi angapo kuonetsa kusintha, kotero wotembenuza mofulumira apitirira setilaiti mnzace asanaone kanthu. Asunthe pang'ono, aime, awerenge kufikira zisanu, asunthenso. Kuona maso a nkhono nkudekha. Aime kumbuyo kwa dishi, pakuti mutu wa munthu uchinga mphamvu monga mtengo. Timakina tochipa tolira pa nthambo tithandiza, koma tilira pa setilaiti iri yonse, ndipo kumwambako zandandalikana zambiri. Dikoda yokha ndiyo inena ngati yapezeka ndi yeniyeniyo. Pomanga mabauti otsiriza amange mosinthanasinthana, mnzace akali kupenya nambala, pakuti bauti mmodzi womangidwa yekha akoka dishi kumbali kwace.

NTHAMBO NDI NGOZI

Nthambo yoyenera ichedwa RG-6. Iri ndi nchito ziwiri: itengera zithunzi ku dikoda, ndiponso itengera magetsi a mavoti 13 kapena 18 kunka ku kabokosi ka kunsonga kwa mkono wa dishi, kochedwa LNB. Mamita 30 agwira bwino. Kupyola apo mphamvu iyamba kucepa. Galimoto zambiri ziri ndi polowetsa nthambo pakhoma, koma kawirikawiri pamenepo padzera m'tizipangizo togawa mphamvu timene sitilola magetsi aja kupita. Ambiri ataya tsiku lathunthu pa cifukwa cimeneci. Poyesa koyamba nthambo ilowe pazenera kunka ku dikoda mwacindunji. Dikoda ikhale yozima polumikiza, ndipo polumikizapo pasagone m'madzi.

Nthambo yoyala pansi ikola mwendo wa munthu usiku, nigwetsa munthu ndi dishi yomwe. Aikhomere pansi kapena aifunde ndi mkeka podutsa anthu. Ponyamula paipi apenye kumwamba ngati kuli nthambo za magetsi. Mphezi zikayamba, azule nthambo ku dikoda mvula isanafike. Ndipo mvula yamphamvu ikadula cithunzi, asathamangire kukagwira dishi. Madontho a mvula amwa mphamvu ya setilaiti, ndipo mtambo ukapita cithunzi cibwera cokha. Wopotokola mabauti pa mvula aononga nchito imene inali yabwino.

Masiku ano apaulendo ambiri atembenukira ku intaneti ya Starlink. Kampaniyo inayamba kuponya setilaiti zace zambirimbiri mu 2019, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, niyamba kugulitsa kwa eni RV mu 2022. Ku Zambia inafika mu 2023. Setilaiti zimenezo siziima malo amodzi, ndipo cipangizo cace caphanthiphanthi cizitsata cokha, kotero kulunjika kwa digiri imodzi sikufunikanso. Koma mtengo ucichingabe, ndipo mphepo icigwetsabe, cifukwa cace amisiri a m'misasa sanaleke kudula mapaipi.

Omvera a ku Zambia akumbukire kuti dziko lao liri kumwera kwa Ikweta, kotero madishi ace apenya cakumpoto, ambiri kumpoto cakum'mawa, ndipo nambala za ku America sizigwira nchito kuno. Kunenepa kwa paipi nako kutsata dishi imene munthu ali nayo. Koma woyendetsa lole, womanga miseu wokhala m'kalavani, kapena wa lendi amene mwini nyumba amletsa kuboola khoma, angapange coimikapo comweci ndi zitsulo za pa msika. Akatenge levulo asanatenge sipanala, ndipo cithunzi cikakana kubwera, ayambe wapenya mlongoti asananene dikoda.